Mutu 9: Chimene Chimapha Pisitoni ndi Silivu mu Injini ya Dizilo

Pa doko la Swang'oma, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, zimene zachuluka ndi mabwato ogoba ndi maboti amatabwa oyenda ndi nkhafi kapena mtengo wopondera. Maboti a injini alipo, koma ambiri amakhala ndi kainjini ka petulo kopachika kumbuyo. Injini ya dizilo m'boma la Phalombe imamveka kumtunda: m'zigayo za kumidzi kumene magetsi a ESCOM sanafike, m'makina opunthira mpunga, m'mapampu a ulimi wothirira, ndi m'malole obwera kudzatenga nandolo ku Migowi ndi ku Chiringa. Injini za dizilo zazikulu zapamadzi zili ku nyanja ya Malawi, m'sitima ngati Ilala, imene inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, n'kubwera ili zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Koma makaniko wa zigayo wa ku Migowi atakumana ndi injiniya wa sitima wa ku Monkey Bay, sangachedwe kumvana, chifukwa matenda a injini zawo ndi amodzi. Matenda odula kwambiri amagwira malo amodzinso: pisitoni, maring'i ake, ndi silivu imene pisitoniyo imayendamo.

Mfundo ya mutu uno ndi yakuti ziwalo zitatuzi sizifa zokha kawirikawiri. Zimaphedwa ndi chinthu china chochokera kunja kwa silinda, ndipo chinthucho chimasiya chizindikiro chake pa chitsulo. Wosintha pisitoni osawerenga chizindikirocho, ulendo wa ku Limbe wokagula ina umakhala ukumudikira kale.

Zimene zimachitika m'silinda

Injini ya dizilo ilibe pulagi yoyatsira moto. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka malo ake atachepa ka 16 kapena ka 20, ndipo mpweya wopanikizidwa chonchi umatentha kupitirira madigiri 500. Pamenepo nozo imapopera dizilo, dizilo n'kuyaka yekha, moto wake n'kukankha pisitoni. Nzeru imeneyi ndi ya Rudolf Diesel, amene injini yake inayesedwa n'kupezeka kuti ikugwira bwino ntchito ku Augsburg, m'dziko la Germany, mu 1897. Pofika 1912, sitima ya Selandia yopangidwa ndi Burmeister & Wain ku Copenhagen inali itayamba kuwoloka nyanja zamchere ndi injini za mtundu umenewu. Lero kuli injini zoti munthu amalowa m'silinda mwake: ya sitima ya Emma Maersk, ya mu 2006, ili ndi masilinda 14, iliyonse yotambalala masentimita 96, ndipo pisitoni yake imayenda mtunda wa mamita awiri ndi theka pokwera kapena potsika. Kainjini ka chigayo ka silinda imodzi n'kakang'ono kwambiri poyerekeza, koma kamathamanga: kakamazungulira ka 2,000 pa mphindi, pisitoni imakwera n'kutsika kopitirira ka 30 pa sekondi iliyonse.

Moto wa m'silinda umafika pafupifupi madigiri 2,000, pomwe aluminiyamu amene amapangira mapisitoni a injini zing'onozing'ono amasungunuka pa madigiri 660. Pisitoni imapulumuka chifukwa motowo ndi wa kanthawi kochepa, ndipo kutentha kumene yalandira imakupereka msanga kwa maring'i, maring'i n'kupereka kwa silivu, silivu n'kupereka kwa madzi amene ali kuseri kwake. Pakati pa ring'i ndi silivu pamakhala kaoyilo kopyapyala kwambiri, kochepera kutali kunenepa kwa tsitsi limodzi. Silivu yatsopano mukaiunika ndi tochi, mumaona timizere topingasana m'kati mwake monse. Timizereto tinalembedwa dala ku fakitale kuti tizisunga oyilo. Moyo wonse wa injini uli pa kaoyilo kameneka. Chilichonse chokadula, kukawotcha, kukatsuka kapena kukadetsa, chimagunditsa chitsulo ndi chitsulo chinzake.

Fumbi

Kuti lita imodzi ya dizilo ipse bwino, injini imakoka mpweya wopitirira malita 10,000. Tsopano ganizirani mpweya wa m'chigwa cha Phalombe kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba: minda ili mbee, akamvuluvulu akunyamula dothi, njinga zamoto zikutibula fumbi m'misewu ya dothi. M'fumbi limeneli muli timchenga tolimba kuposa chitsulo cha silivu. Tikalowa m'silinda n'kusakanikirana ndi oyilo, timachita zimene amayi amachita pokwecha mphika ndi mchenga kudambo, kusiyana kwake n'kwakuti kukwecha kwa m'silindaku sikulekeza.

Ku chigayo nkhani imayamba mosaoneka zoopsa. Fumbi la gaga ndi deya n'lofewa, koma limatseka sefa ya mpweya. Injini imayamba kubanika, kutulutsa utsi wakuda, kufooka. Mzere wa amayi uli panja, wogayitsa amachotsa sefa ija, injini n'kutsitsimuka nthawi yomweyo, ndipo aliyense amaona ngati vuto latha. Sefayo imakhala pawindo mwezi wathunthu. Pena sefa ilipo ndithu, koma paipi yochokera ku sefa ili ndi kamng'alu kapena chomangira chake chakhwepa, fumbi n'kumalowera pamenepo. Injini zambiri za zigayo zili ndi sefa ya kambale ka oyilo pansi, ndipo kambale kameneka mukakatsegula mumapeza oyilo anauma kalekale, mwatsala thope lolimba.

Pisitoni yodyedwa ndi fumbi siivuta kuzindikira. Ring'i yapamwamba ndi imene imatha kwambiri, m'mphepete mwake mumakhala mwakuthwa moti mutha kudzicheka, ndipo imagwedera m'ngalande yake. Timizere topingasana tija timafufutika, makamaka chakumtunda kwa silivu, ndipo pamene ring'i yapamwamba imalekezera pamatsala kachitunda koti chikhadabo chimakodwapo. Mwini injini amakhala atazimva kale zizindikiro: kuvuta kulira m'mawa, oyilo kutha msanga, utsi wotuwira ngati wabuluu, ndi mpweya wotuluka mwamphamvu pa kapaipi kopumira ka m'munsi mwa injini. Ngati ring'i yapansi, yopalira oyilo, ndi imene yatha kuposa yapamwamba, ndiye kuti litsiro silinachokere ku mpweya koma ku oyilo.

"Achimwene, silivu iyi tinaika chaka chatha chomwechi. Ndiye kuti anatigulitsa yabodza," amatero mwini chigayo.

"Mwina, bwana. Koma tandionetsani kaye sefa yanu," amayankha makaniko.

Sitima zazikulu za panyanja zamchere sizikumana ndi fumbi lotere, koma zili ndi mchenga wawo. Mafuta akuda olemera amene zimagwiritsa ntchito ndi otsalira ku mafakitale oyenga mafuta, ndipo mumakhala timiyala tosaoneka ndi maso ta aluminiyamu ndi silikoni, totsalira ku mankhwala oyengera. Muyezo wa ISO 8217 umalola mamiligalamu 60 pa kilogalamu imodzi ya mafuta, koma opanga injini amafuna kuti pofika pa injini tikhale titachepetsedwa kufika pa 15 kapena kucheperapo. N'chifukwa chake m'sitima mumakhala makina ozunguza mafuta kuti timiyalato titayidwe. Makinawa akalephera, silivu imene ikanakhala zaka zambiri imatha m'masabata ochepa.

Kutentha, ndi madzi a ku Chilwa

Aluminiyamu akatentha amafutukuka pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha silivu. Opanga injini amasiya kampata kakang'ono pakati pa pisitoni ndi silivu kuti pisitoni ikafutukuka isathine. Kutentha kukapyola muyezo, kampata kaja kamatha, oyilo amafinyidwa n'kupsa, ndipo aluminiyamu amayamba kumatirira ku silivu n'kumanyotsoka. Amakaniko amati injini yagwira. Poitsegula mumapeza mikwingwirima yakuya yotsika m'mbali mwa pisitoni, kawirikawiri malo anayi oyandikana ndi mabowo a pini, ndipo pa silivu pamakhala zipsera zotuwa za aluminiyamu wopakika. Maring'i amakhala atakwiririka m'ngalande zawo. Apa palibe zokonza, zonse n'zotaya.

Chimene chimabweretsa kutentha kotere nthawi zambiri ndi madzi, ndipo pa nkhani ya madzi dera la Chilwa n'lovuta kuposa madera ambiri m'Malawi. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Mitsinje ya Phalombe ndi Sombani, pamodzi ndi ina yochokera ku Zomba monga Likangala ndi Domasi, imathira madzi ake m'menemo, ndipo njira yokha yotulukira ndi dzuwa. Madzi akamauma mchere umatsalira, choncho madzi a nyanjayi ndi a mchere, ndipo zitsime zambiri za m'mbali mwake n'zowawasanso. Nyanjayo n'njosaya, m'malo ambiri sipitirira mamita awiri kapena atatu, moti mphepo ikawomba imavundula matope apansi, madzi n'kukhala bii.

Injini ya chigayo imaziziritsidwa ndi madzi a m'kathanki kotsegula pamwamba pa silinda, kapena a mumgolo woima pambali. Madziwo amawira tsiku lonse, nthunzi n'kumapita, mnyamata n'kumawonjezera ena. Chimene sichipita ndi mchere ndi dothi. Zimenezi zimaundana kuseri kwa silivu n'kupanga chikhungwa choyera cholimba, ndipo chikhungwachi chimatchinga kutentha kuti kusafike ku madzi. Chodabwitsa n'chakuti thanki imakhala yodzaza, madzi akuoneka bwinobwino, koma silivu m'kati ikupsa. Madzi a mvula otungidwa padenga ndi abwino kwambiri pa ntchito imeneyi kuposa a pachitsime, ngakhale kuti ndi ochepa amene amavutikira kuwasunga.

Injini ya dizilo ya m'boti imakoka madzi a m'nyanja momwemo kudzera pa bowo la pansi pa boti. M'maboti okonzedwa bwino madzi a m'nyanjawo salowa mu injini. Amangodutsa m'timapaipi toziziritsa madzi ena aukhondo amene amazungulira m'kati. Koma njira yonseyi ili ndi malo atatu ofooka. Kasefa ka pakhomo kamatsekeka ndi matope, ndere kapena kapulasitiki. Pampu yake ili ndi kagudumu ka labala kamene kakazungulira kouma kwa kanthawi kochepa kamapsa n'kuthothoka mapiko, mapikowo n'kukatseka timapaipi tija. Ndipo timapaipito timadzaza dothi pang'onopang'ono. M'madzi akuya a nyanja ya Malawi mavutowa amabwera mwa apo ndi apo. M'madzi osaya, amatope, odzaza njedza ngati a Chilwa, kapena mu Shire mmene namasupuni amayandama, amabwera tsiku lililonse. Woyendetsa wodziwa ntchito akangoliza injini amasuzumira kaye kumbuyo kuti aone ngati madzi akutuluka pa ekizozi.

Udzu uli ndi mlandu wina. Ukakulunga pulopela, kapena boti likakhuza pansi m'thope, injini imalemedwa n'kutsika liwiro. Woyendetsa amawonjezera moto. Dizilo amalowa wambiri, mpweya ndi wochepa, pampu ya madzi ikuzungulira pang'onopang'ono, utsi wakuda n'kuti tolo. Pamenepo mutu wa pisitoni umalandira kutentha kumene sunapangidwire, ndipo umang'aluka m'mphepete mwa kambale ka pamwamba pake. Pulopela yaikulu mopitirira mphamvu ya injini, kapena katundu wopyola muyezo, zimachita chimodzimodzi, ngakhale mwakachetechete. Ku chigayo chofanana nacho ndi kuthira chimanga chambiri nthawi imodzi, kapena kugaya chosauma bwino.

Injini ikawira, anthu ambiri amathamangira ndowa ya madzi ozizira. Chitsulo chotentha chikalandira madzi ozizira mwadzidzidzi chimakhwinyata mbali imodzi, ndipo silivu kapena hedi imang'aluka. Kuzimitsa injini pompopompo itangochoka pa ntchito yolemera n'koipanso, chifukwa madzi ndi oyilo zimaima pomwe pisitoni idakali yotentha kwambiri, oyilo wa m'ngalande za maring'i n'kupserera. Mphindi zochepa zoyenda yopanda katundu zimapulumutsa zambiri.

Kuzizira nakonso kumawononga

Izi anthu ambiri sazikhulupirira. Pali chizolowezi pakati pa amakaniko ena chochotsa themositati, kachitseko kamene kamasunga madzi kuti asazizire kwambiri, ponena kuti kuno n'kotentha, kachitsekoko n'ka kumayiko ozizira. Maganizo amenewa ndi olakwika. Dizilo akapsa amatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo ngati muli salufa amatulutsanso mpweya umene ukakumana ndi nthunziyo umasanduka asidi. Silivu ikakhala yotentha bwino, zonsezi zimatuluka ndi utsi. Ikakhala yozizira, asidi amachita mame pa khoma lake n'kuyamba kulidya. Eni sitima zazikulu analiona vutoli ndi maso kuyambira cha mu 2008, pamene mafuta anakwera mtengo, malonda n'kutsika, iwo n'kuyamba kuyendetsa sitima pang'onopang'ono kuti apulumutse mafuta. Masilinda anazizira, masilivu n'kuyamba kudyeka mofulumira. Oyilo wa m'masilinda a sitima zotere amakhala ndi mankhwala opha asidi, ndipo mphamvu ya mankhwalawo imayenera kugwirizana ndi kuchuluka kwa salufa. Pa 1 Januwale 2020, bungwe la IMO litatsitsa salufa wololedwa m'mafuta a sitima kuchoka pa 3.5 peresenti kufika pa 0.5, mainjiniya anayenera kusinthanso oyilo, popeza mankhwala opha asidi akachuluka osapeza asidi woti aphe amaundana pa mutu wa pisitoni n'kumapala silivu.

Injini yomangolira yopanda katundu nthawi yaitali, monga jenereta yaikulu yoyatsa mababu ochepa kapena boti lodikira anthu padoko injini ili chilirire, imadwala matenda ena. Moto umakhala wofooka, maring'i sakanikizidwa mokwanira ku khoma, ndipo dizilo wosapsa bwino pamodzi ndi oyilo zimamata timizere tija. Silivu imasalala n'kumanyezimira, mwiniwake n'kumaiyamikira kuti idakali yatsopano, chonsecho singasungenso oyilo.

Nozo ndi dizilo wa m'chigubu

Mafuta a dziko lino amadzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo ndalama zakunja zikasowa amasowanso, monga zinachitikira mu 2011 ndi 2012, komanso kuyambira 2022. Nthawi zoterezi mwini chigayo cha kutali ndi boma amagula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu. Wina amakhala wabwino. Wina amakhala atasungidwa mumgolo wadzimbiri, wina muli madzi, wina anamuwonjezera palafini kuti achuluke. Bungwe la MERA limaletsa malonda amenewa, koma chigayo choima sichidyetsa ana, ndipo munthu amagula chimene chilipo.

Choyamba kuvulala ndi nozo. Timabowo take n'tating'ono kwambiri, ndipo kasingano ka m'kati mwake kamadalira dizilo yemweyo kuti katereremo. Palafini ndi wouma, saterera ngati dizilo. Madzi amabweretsa dzimbiri. Litsiro limakuza timabowo. Nozo yabwino imapopera nkhungu yosalala n'kutseka mwamphamvu. Yowonongeka imathira kamtsinje kapena kumangodontha. Kamtsinje kameneka kakamagwera malo amodzi pa mutu wa pisitoni, malowo amapsa, amakumbika, mpaka kubowoka. Kakamagwera pa khoma la silivu kamatsuka oyilo, ndipo mikwingwirima imaoneka mbali imodzi yokha, moyang'anizana ndi bowo lolakwikalo. Dizilo wina amatsikira pansi n'kusakanikirana ndi oyilo. Mwini injini akaona kuti oyilo pa kandodo koyezera akukwera m'malo motsika, asasangalale, anunkhize kandodoko.

Nthawi yopopera nayo ili ndi malire ake. Pampu ya dizilo ikapopera msanga, moto umayaka pisitoni isanafike pamwamba, injini imagogoda mwaukali, ndipo timakoma ta pakati pa maring'i timathyoka. Ikapopera mochedwa, moto umatsatira pisitoni mpaka m'munsi n'kuwotcha oyilo wa pakhoma. Ena injini ikakana kulira m'mawa wa Juni amathira petulo pang'ono polowera mpweya. Imalira ndithu, koma kuphulika kwake kumathyola maring'i, ndipo mawa lake imakana kuposa dzulo.

Madzi olowa m'silinda

Mpweya umapanikizika, madzi sapanikizika. Madzi ochepa chabe akakhala pamwamba pa pisitoni injini n'kuzunguzidwa, china chake chiyenera kugonja, ndipo kawirikawiri ndi konirodi imene imapindika. Ikapindika pang'ono injini imatha kulirabe, koma pisitoni imayenda mopendekera, n'kumadya silivu kumtunda mbali ino, kumunsi mbali inayo. M'boti madzi amalowera ku ekizozi, mafunde akamenya kumbuyo injini ili chizimire, kapena munthu akazunguza injini nthawi yaitali osalira pomwe pampu ikuthirabe madzi m'paipi ya utsi. Kumtunda amalowera pa gasiketi yopsa, pa paipi ya utsi yoyang'ana kumwamba yosiyidwa pamvula, kapena ndi madzi osefukira. Phalombe amawadziwa madzi otere, kuchokera pa napolo wa ku phiri la Michesi mu Malichi 1991 mpaka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Injini imene yamizidwa siyenera kulizidwa kuti tione ngati ili moyo. Choyamba ndi kuchotsa nozo, kuizunguza ndi dzanja kuti madzi atuluke, kukhetsa oyilo ndi dizilo yense, ndi kutsuka thope m'njira ya mpweya. Ntchitoyi ikachedwa masiku angapo, dzimbiri limakhala litayamba kale.

Dzimbiri silifunanso chigumula. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka thope long'aluka, maboti ali gone pamtunda miyezi yambiri. Pampu ya ulimi wothirira nayo imagona nyengo yonse ya dzinja. Injini yoima, ngati valavu imodzi yatsala yotsegula, chinyezi chimalowa, ndipo pamene maring'i akhudza silivu pamachita mkombero wa dzimbiri. Tsiku loilizanso, maring'i amapala dzimbirilo n'kusiya timaenje. Kuthira kaoyilo pang'ono m'silinda, kusiya pisitoni pamene mavalavu onse atseka, ndi kutseka pakamwa pa ekizozi, n'zokwanira kupewa zimenezi.

Pali kudyeka kwina kochokera kuseri. Silivu imene imakhudzana ndi madzi mwachindunji imanjenjemera pisitoni ikamamenya, ndipo kunjenjemerako kumapanga timathovu m'madzi. Timathovuto tikamaphulika pa chitsulo timagompha pang'onopang'ono mpaka kubowola. Poizula silivu yotere mumapeza mzere wa timabowo kunja kwake, m'kati muli bwinobwino. Mankhwala othira m'madzi a injini, amene ambiri amawaona ngati a kumayiko a chisanu okha, ntchito yawo ina ndi kuteteza zimenezi.

Oyilo ndi dzanja la makaniko

Za oyilo zimadziwika, koma sizitsatidwa. Kuwonjezera si kusintha. Oyilo wokalamba amadzaza mwaye ndi asidi, amalemera, ndipo amaumira m'ngalande za maring'i mpaka maring'iwo kukanirira. Ring'i yokanirira siitsekanso moto. Moto umadutsa m'mbali n'kuwotcha oyilo wa m'munsi, kenako pisitoni n'kugwira. Oyilo wokhetsedwa m'lole n'kugulitsidwanso m'mabotolo amabwera ndi tizitsulo ta injini ina. Injini zokulirapo zili ndi kapaipi kopopera oyilo kunsi kwa pisitoni kuti izizire, ndipo kapaipi kameneka kakatsekeka kapena kupindika pa nthawi yokonza, pisitoni imodzi yokhayo imapsa zinzake zili bwino.

Ndipo pali imfa zina zimene zimayambira pa ovaholo penipeni. Injini imatsegulidwa pansi pa mtengo wa mango, ziwalo zili pa thumba, mphepo ya Okutobala ikuwomba. Maring'i atsopano amaikidwa mu silivu yakale yosalala osailembanso timizere, ndiye sakhazikika, injini n'kumadyabe oyilo. Akailemba, ena amangoipukuta ndi dizilo, pomwe mchenga wa mwala wolembera umachoka ndi madzi otentha a sopo ndi bulashi basi. Nsalu yoyera ikatuluka ndi kadontho kotuwa, silivu sinayere. Ring'i ili ndi kumwamba ndi kunsi, ndipo yoikidwa chadodolido imakweza oyilo m'malo momutsitsa. Ilinso ndi kampata pamene nsonga zake zimakumana. Kampatako kamayezedwa ring'i ili m'silivu. Kakachepa, nsongazo zimagundana ring'i ikatentha, n'kuthyoka kapena kukala khoma. Kachitunda ka kumtunda kwa silivu kaja kakasiyidwa, ring'i yatsopano imakagunda n'kusweka. Zipangizo zabodza ziliponso pamsika, zimenezo sitingakane, koma zimasenza milandu yambiri imene si yawo. Injini yongokonzedwa kumene imafunanso kuyamba ndi katundu wapakatikati kwa maola angapo, osati kuilemetsa tsiku lomwelo, komanso osati kuisiya ikungolira chabe, ndipo oyilo woyambayo achotsedwe msanga.

M'sitima, mainjiniya sadikira kuti injini igwire. Ophunzira a ku sukulu ya ntchito zapamadzi ku Monkey Bay amaphunzitsidwa kulemba m'buku, ulonda uliwonse, kutentha kwa madzi, mphamvu ya oyilo ndi kutentha kwa utsi. Pa injini zazikulu silinda iliyonse ili ndi choyezera utsi chake, ndipo imodzi ikayamba kusiyana ndi zinzake amadziwa kuti nozo yake kapena maring'i ake ayamba. M'sitima za panyanja zamchere amasuzumira m'mazenera olowera mpweya kuti aone maring'i injini itaima, amatumiza oyilo kukapimidwa kuchuluka kwa chitsulo chimene chilimo, ndipo poizula pisitoni amayeza silivu malo angapo, chopingasa ndi chotsata. Kudyeka kosapitirira 0.1 mm pa maola 1,000 amakuona ngati kwabwinobwino. Kukapitirira, amafunafuna chifukwa.

Mwini chigayo ku Nkhulambe kapena kwa Nazombe alibe zoyezera zimenezi, koma ali ndi zina zosagula. Utsi wakuda ukunena za mpweya wochepa, katundu wambiri kapena nozo. Wabuluu ukunena za oyilo amene akudutsa maring'i. Woyera wosatha injini itatentha kale ukunena za madzi kapena dizilo wosapsa. Oyilo wosanduka ngati tiyi wamkaka walowa madzi. Dzanja loikidwa pa kapaipi kopumira limamva ngati moto wayamba kudutsa maring'i. Ndipo ikafika poti injini yatsegulidwa, pisitoni yakale isatayidwe msanga kwa ogula zitsulo. Iikidwe pa tebulo pamodzi ndi maring'i ake motsatana mmene analili, silivu iunikidwe m'kati ndi kunja, nozo ipite kukayesedwa pa makina, sefa ndi paipi yake zitsegulidwe, konirodi iyezedwe ngati ili yowongoka, kenako ndiye munthu akwere basi ya ku Limbe.